Kodi Otsala ni Ndani? Kuwerenganso Left Behind Pambuyo pa Kolera na Cilala

Pali mabuku amene anthu amawadziwa bwino ngakhale sanawatsegulepo. Left Behind ni limodzi mwa iwo. Funsani mnyamata wa ku Chawama kapena mtsikana wa ku Matero kuti tsiku lomaliza lidzaoneka bwanji. Adzakuuzani za anthu osowa mwadzidzidzi, zovala zotsala pa mipando, mamotoka ogundana pa msewu cifukwa madalaivala atengedwa, na mtsogoleri mmodzi wa pakamwa potsekemera amene adzalamulira dziko lonse. Ambiri timaona monga zonsezi zinalembedwa conco m'Baibo. Koma amene anafalitsa kwambiri zithunzi zimenezi ni amuna awiri a ku America, m'busa Tim LaHaye na wolemba mabuku Jerry B. Jenkins.

Buku lawo loyamba linatuluka mu 1995. Pofika 2007 mabuku a nkhaniyi anali atakwana 16, ndipo makope opitirira 60 miliyoni anagulidwa. Mu 2000 panatuluka filimu imene munali Kirk Cameron, mu 2014 panatulukanso ina ya Nicolas Cage. Kuno kwathu nkhaniyi inafika pa ma DVD, pa mafoni, m'maulaliki na m'masewero a acinyamata ku chalichi, mpaka tinaiwala kuti ili na eni ake amene anakhala pansi n'kuipeka.

Nthawi yabwino yoiwerenganso ni ino. Kucokera mu October 2023, kolera inagwira anthu opitirira 20,000 m'dziko lathu na kupha oposa 700. National Heroes Stadium, kumene timapita kukacemerera mpira, inasanduka cipatala, ndipo masukulu sanatsegulidwe mpaka mu February 2024. Pa 29 mwezi womwewo boma linalengeza kuti cilala ni tsoka la dziko lonse. Cimanga cinauma m'minda, madzi anatsika ku Kariba, malaiti anakhala mlendo wofika pakati pa usiku. Pa nthawi yotere, wofunsa kuti "Kodi awa si mapeto?" safunsa zopusa. Ophunzira a Yesu nawonso anamufunsa za zizindikiro za mapeto. Conco buku limene limati lili na yankho tiyenera kuliyesa na muyeso uwu: kodi limamuthandiza bwanji munthu amene ali mkati mwa tsoka?

Nkhani yake mwacidule

Nkhani iyambira m'ndeke yocoka ku Chicago kupita ku London. Woyendetsa ndekeyo, Rayford Steele, mtima wake uli pa Hattie Durham, mkazi wotumikira anthu m'ndekemo, cifukwa kunyumba watopa na mkazi wake Irene amene salekeza kukamba za kubweranso kwa Yesu. Ali pamwamba pa nyanja ya Atlantic, Hattie abwera akunjenjemera kudzamuuza kuti anthu ena asowa, ndipo pa mipando yawo patsala zovala cabe. Zacitika conco padziko lonse. Akhristu oona akwatulidwa, pamodzi na ana onse aang'ono, ngakhale amene anali akali m'mimba.

Rayford afika kunyumba n'kupeza kuti Irene na mwana wawo wamwamuna Raymie apita. Watsala na mwana wake wamkazi Chloe. Awiriwa, pamodzi na mtolankhani Buck Williams na m'busa wothandizira Bruce Barnes, atembenuka mtima n'kupanga kagulu kochedwa Tribulation Force. Uku Nicolae Carpathia, mtsogoleri wacinyamata wa ku Romania, akopa maiko na mau a mtendere mpaka akhala mkulu wa United Nations. Iye ndiye Wokana Khristu. Filimu ya 2014 inangotengako maola oyamba cabe a nkhaniyi. Carpathia mulibemo, ndipo mtima wa woonerera umangokhala pa funso lakuti kaya ndeke idzatera bwino.

Zimene bukuli likwanitsa

Tisalinamizire. Jenkins adziwa kukoka wowerenga. Cizungu cake n'copepuka moti mwana wa Grade 9 angaliwerenge popanda dikishonale, ndipo nkhani imadumpha kucoka kwa Rayford kupita kwa Buck pamene mtima wanu uli m'mwamba. Ciyambi cake n'camphamvu. Mpando umene uli na jekete koma wopanda mwini wake umaopsa kuposa cilombo ca mitu 7, cifukwa mpando timaudziwa, timaukhalira tsiku lililonse m'minibasi.

Munthu wolembedwa bwino kuposa onse ni Bruce Barnes. Anali pa nchito ya chalichi, mavesi anali kuwadziwa, anthu anali kumulemekeza, koma tsikulo anapezeka watsala, ndipo avomera yekha kuti cikhulupiriro cake cinali ca pakamwa. Dziko lathu linalengezedwa kukhala la Cikhristu na Frederick Chiluba pa 29 December 1991. Mavesi ali kumbuyo kwa mabasi na pa makoma a tuntemba. M'dziko lotere Bruce ni galasi labwino, ndipo funso limene iye atifunsa ni lomwe Yesu anafunsa anthu omuchula Ambuye koma osacita zimene iye akamba. Pamenepa bukuli liyenera ulemu.

Kumene misozi inasowa

Vuto liyamba mukafunsa kuti: nanga ana aja? Ganizirani maliro a mwana mmodzi m'komboni. Tenti imangidwa, azimai agona pansi m'nyumba, azibambo acezera pa moto panja, kwaya iimba mpaka mbandakuca, ndipo m'mawa msewu wonse uperekeza ku Chingwere. Ameneyo ni mwana mmodzi. M'bukuli ana onse a padziko asowa pa ola limodzi, koma masamba ambiri atha na anthu otuma mafoni, ofuna-funa njira yofikira ku New York, okonza misonkhano ya ku ofesi. Pali masamba ocepa okhudza mtima pamene Rayford alowa m'nyumba mwake n'kupeza zovala za mkazi wake pa bedi. Kupatula pamenepo, kulira kwa dziko kumveka capatali monga wailesi ya kwa aneba. Sipapita masiku ambiri, Buck wayamba kale kumuyang'ana Chloe na diso la cikondi.

Ici n'colakwa ca kalembedwe, ndipo cionetsa mtima wa bukuli. Tsoka m'nkhaniyi nchito yake ni kutsimikizira kuti ndandanda ya maulosi inali yoona. Anthu ovutika ali monga manambala ocongedwa. Onaninso anthu amene nkhani iwatsatira: woyendetsa ndeke, mtolankhani wochuka, mtsikana wa pa yunivesiti ya Stanford. Onse ali na ndalama, mafoni na mapasipoti. Amai ogulitsa tomato ku Soweto Market alibe malo mmenemo. Munthu wa ku Africa amene achulidwa ali na udindo ni Mwangati Ngumo wa ku Botswana, mkulu wa United Nations, ndipo gawo lake m'nkhani ni kucoka pa mpando kuti Carpathia akhalepo.

Wowerenga nayenso apatsidwa mpando wa pamwamba. Ngati ndinu wopulumutsidwa, bukuli likuuzani kuti zonsezi sizidzakukhudzani, mudzakhala mutapita. Mumaonerera kuvutika kwa ena monga munthu woona kusefukira kwa madzi ali pa windo la ndeke. Pofika buku la 12, Glorious Appearing la mu 2004, adani a Yesu afa imfa zonyansa zofotokozedwa mwatsatanetsatane, ndipo wowerenga ayembekezeredwa kusangalala.

Baibo sicita conco na tsoka. Buku la Maliro ni ndakatulo 5 zolira mzinda wowonongedwa, kuphatikizapo ana okomoka na njala m'misewu. Pa Luka 19 Yesu aneneratu kugwa kwa Yerusalemu ali na misozi. Pa Luka 13, pokamba za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, akana kuti anali ocimwa kuposa anzawo. Amene anamwalira na kolera ku Kanyama sanali oipa kuposa a ku Kabulonga. Anali kumwa madzi a m'zitsime zosazama zoyandikana na zimbudzi.

Ciphunzitsoci cinacokera kuti?

Bukuli laima pa ciphunzitso cakuti Yesu adzayamba wabwera mwakacetecete kudzakwatula chalichi, ndiyeno padzatsatira zaka 7 za cisautso, kenaka adzabweranso poyera. Amene anacikonza mwadongosolo ni John Nelson Darby, mlaliki wa gulu la Plymouth Brethren, m'zaka za m'ma 1830. Cinafalikira ku America kudzera mu Scofield Reference Bible ya mu 1909, ndipo Hal Lindsey anacifikitsa kwa anthu wamba na buku lake The Late Great Planet Earth mu 1970. Akhristu ambiri a zaka mazana a m'mbuyomo anali kuyembekezera kubweranso kumodzi koonekera kwa onse, ndipo mpaka lelo Akatolika, a Reformed na a Seventh-day Adventist saphunzitsa mkwatulo wacinsinsi.

Mavesi amene ciphunzitsoci cidalira tingawawerenge tokha. Pa 1 Atesalonika 4 Paulo akambadi za okhulupirira okwatulidwa kukakumana na Ambuye, koma pali mfuu na lipenga, zinthu zosabisika, ndipo colinga cake ni kutonthoza anthu amene anali kulira abale awo akufa. Pa Mateyu 24 pali anthu awiri m'munda, wina atengedwa wina atsala. Koma fanizo limene Yesu wangopereka kumene ni la Nowa, ndipo m'masiku a Nowa otengedwa anali aja okokoloka na cigumula. Wotsala anali Nowa.

Sinikamba izi kuti ninyoze abale na alongo amene amakhulupirira mkwatulo. Ambiri a iwo ni anthu oopa Mulungu amene amawerenga Baibo mwakhama. Dandaulo langa lili pa bukuli, limene silimuuza wowerenga kuti pali kamvedwe kena. M'nthano ulosi umakwaniritsidwa ndendende cifukwa wolemba ndiye wagwira bolopeni. Wowerenga amatseka buku akuona monga waona umboni, pamene waona cabe zimene LaHaye anali kukhulupirira kale.

Buku limene analitengerako

Tiyeni tiliike pambali pa Civumbulutso, cifukwa ndiko linatenga zilombo zake. Yohane analemba ali pa cisumbu ca Patmo cifukwa ca cikhulupiriro cake, kumapeto kwa zaka 100 zoyambirira, ndipo akatswiri ambiri amati munali ca m'ma 95, mu ulamuliro wa Domitian. Analembera mipingo 7 ya m'dera limene lelo ni Turkey. Anali anthu enieni okhala na mavuto enieni. A ku Smurna anali osauka ndipo ndende inali kuwayembekezera. Ku Pergamo munthu wina dzina lake Antipa anali ataphedwa kale.

Yohane alemba m'zifaniziro, monga mmene wojambula makatuni m'nyuzipepala amajambulira wolamulira ngati nyama, aliyense n'kumuzindikira popanda dzina. Mkazi wochedwa Babulo wokhala pa mapiri 7, owerenga oyamba anamudziwa kuti ni Roma, mzinda wa mapiri 7. Nambala 666, akatswiri ambiri amaona kuti ni dzina la Nero Kaisara likalembedwa m'zilembo za Ciheberi, popeza zilembozo zinalinso manambala. Mipukutu ina yakale ili na 616, ndipo nambala imeneyo igwirizana na kachulidwe ka Cilatini ka dzina lomwelo. Izi sizitanthauza kuti bukuli linatha nchito Roma atagwa. Cilombo cimasintha nkhope m'mibadwo yonse. Koma Yohane atipatsa zocizindikirira: cimafuna kulambiridwa, cimapha okamba coonadi, ndipo pa caputa 18, pa mndandanda wa katundu wa amalonda ake, pambuyo pa golide, vinyo, tirigu na ng'ombe, pothera pake pali anthu ogulitsidwa.

Cimene Yohane apempha kwa owerenga ake mobwerezabwereza ni kupirira na kukhulupirika. Sawalonjeza ndeke yothawira. Pa caputa 5 auzidwa za mkango wopambana, koma atayang'ana aona Mwanawankhosa wooneka monga wophedwa. Pa caputa 7 khamu lalikulu la ovala zoyera ni la anthu amene acokera mkati mwa cisautso. Ndipo onani kumene nkhani ilowera pothera: pa caputa 21 mzinda woyera utsika pansi, Mulungu abwera kudzakhala na anthu na kuwapukuta misozi. Pa caputa 22 mumzindamo muyenda mtsinje wa madzi oyera, ndipo masamba a mtengo wa m'mbali mwake ni ociritsa mitundu ya anthu. Kwa munthu amene anaika m'bale wake cifukwa ca madzi oipa, cithunzi cimeneco cili na mphamvu kuposa mabuku 16 onse aja. Left Behind iphunzitsa maso kufuna khomo lotulukira. Yohane aphunzitsa maso kuyembekezera Mulungu amene abwera kudzakonza pamene tili.

Zipatso zake pakati pathu

M'nkhani ya LaHaye na Jenkins, wokamba za mtendere, za kucepetsa zida za nkhondo na za maiko kugwirizana ndiye mdyerekezi. N'zoona kuti cikomekome ca mkuyu mkati muli nyerere, ndipo wandale wa mau okoma afunika kumuyang'anitsitsa. Koma munthu akazolowera kuona cilombo m'thandizo lililonse locokera kunja, amayamba kuopa mankhwala kuposa matenda. Tonse tikumbukira mauthenga a pa WhatsApp m'nthawi ya Covid-19 akuti katemera ni 666. Pa Civumbulutso 13 na 14 cizindikiro ca cilombo ciyendera pamodzi na kucilambira. Ni nkhani ya amene mwasankha kumugwadira. Nesi wa pa kiliniki sangakubayeni naco pa phewa inu osadziwa. Ndipo kolera imagonja na klorini, sopo, madzi a ORS, katemera na ngalande zoyeretsedwa.

Olembawa sanaike tsiku la mapeto, ndipo apa tiwayamikire. Koma cizolowezi cowerenga nyuzi monga ndandanda ya maulosi cimabala oika masiku. Otsatira a William Miller anayembekezera 22 October 1844. Harold Camping anati 21 May 2011. Joshua Mhlakela wa ku South Africa anati 23 na 24 September 2025, ndipo TikTok inadzaza na anthu otsazika. Masiku onsewo anafika n'kupita, monga mmene Mateyu 24 inakambira kuti tsikulo palibe alidziwa. Nthawi zina mapeto ake amakhala manda. Ku Kanungu m'dziko la Uganda, mu March 2000, anthu oposa 700 a gulu loyembekezera kutha kwa dziko anaphedwa. Ku Shakahola m'dziko la Kenya, kucokera mu 2023, mitembo yoposa 400 inafukulidwa, yambiri ya anthu ouzidwa kusala kudya mpaka imfa kuti akaonane na Yesu. Left Behind ilibe mlandu pa imfa zimenezi. Koma zitionetsa kuti nkhani za mapeto si zoseweretsa.

Palinso kuwonongeka kwakacetecete kumene sikulembedwa m'nyuzi: wophunzira amene waleka kuwerengera mayeso, kapena mnyamata amene waleka kufuna nchito, ati dziko likutha kale. Paulo anakumana na anthu oleka nchito ku Tesalonika, mumpingo umene unali kukamba kwambiri za tsiku la Ambuye. M'kalata yake yaciwiri anawauza mosapita m'mbali kuti abwerere ku nchito na kudya za thukuta lawo.

Kukhulupirira uli mkati mwa tsoka

Ngati mufuna kuona cikhulupiriro pa nthawi ya tsoka colembedwa mwaluso, tsegulani Habakuku. Ni macaputa atatu cabe. Mneneri ayamba na kudandaula kuti Mulungu akungoyang'ana ciwawa. Yankho limene alandira n'lowawa kuposa funso: Akasidi akubwera. Iye atsutsanso, aima pa nsanja kudikira, ndipo amaliza na nyimbo ya munthu amene mitengo yake sinabale, munda wake ulibe cakudya, khola lake lilibe ciweto, koma asankha kukondwera mwa Mulungu. Thupi lake linjenjemera, ndipo iye sabisa. Mlimi wa ku Southern Province amene anaona munda wake ukuuma mu 2024 angaimve nyimboyi popanda womumasulira.

Kapena Yeremiya 32. Asilikali a Babulo azinga Yerusalemu, mneneri ali m'ndende, ndipo m'bale wake Hanameli abwera kudzamugulitsa munda wa ku Anatoti. Yeremiya yemweyo amene analosera kuti mzinda udzagwa ayesa masekeli 17 a siliva, asaina pamaso pa mboni, n'kulamula kuti makalata a mundawo asungidwe mumphika wadothi kuti akhalitse. Ni cikhulupiriro cokhala na risiti. Ndipo Yesu, atatha kukamba za nkhondo, njala na zivomezi pa Mateyu 24, amaliza pa caputa 25 na ciweruzo cimene mafunso ake ni a njala, ludzu, matenda na ndende: munacitapo ciani?

M'Baibo liu lakuti otsala si la manyazi nthawi zonse. Yesaya anapatsa mwana wake dzina lotanthauza kuti otsala adzabwerera. Otsala ni amene Mulungu amayambira nawo tsiku latsopano. Tinawaona ku Heroes Stadium, manesi na anthu odzipereka amene anasamalira odwala usiku wonse. Tinawaona m'midzi, alimi amene anabzalanso mvula itagwa kumapeto kwa 2024 ngakhale kuti caka capitaco anataya zonse, ndipo mu 2025 dziko linakolola cimanga cambiri. Anthu otere m'Left Behind mulibe, ndipo ici ndico cosowa cake cacikulu.

Liwerengeni ngati mufuna nkhani yothamangitsa mtima, ndipo mverani funso la Bruce Barnes. Koma musalipatse mpando wa Baibo. Mukamaliza, itanani anzanu awiri kapena atatu, muwerenge Civumbulutso mokweza kucokera caputa 1 mpaka 22 pa nthawi imodzi, popeza cinalembedwa kuti ciziwerengedwa pamaso pa gulu. Sizifuna ngakhale maola awiri, ndipo kandulo imodzi ikwanira malaiti akapita.

Kwa inu amene mumalemba, malo alipo. Nkhani ya masiku otsiriza yocitikira ku Kanyama m'nyengo ya mvula, yokhala na amai amene amapemphera uku akuthira klorini m'cigubu, tikali kuiyembekezera.